Bango la Bizweki

Sukulu yathu inkayamba ana a pulayimale akaweruka. Tinkalowa m'chipinda chawo chikadali ndi fungo la thukuta ndi makoko a nzimbe, n'kukhala pa timabenchi tawo tadothi, mawondo ali m'mwamba. Tonse tinali anthu amene mayina athu sanatuluke pa chisankho cha ku sekondale. Maphunziro athu ankabwera pa mapepala kuchokera ku tauni, ndipo wotimasulira mapepalawo anali mmodzi yekha, aphunzitsi a Namakhwa. Popanda iwo panalibe Fomu 2 kuno kunyanja, panalibenso wotilembetsa mayeso a JC. Ine mayesowo ndi amene ndinkadzukira m'mawa uliwonse. Ndinkawerenga ngakhale poingitsa mbalame m'munda wa mpunga.

A Namakhwa anabadwira ku migodi ya malasha ku Rodeshiya. Bambo awo anali akonkuno, koma iwo anabwera kumudzi ali kale ndi ndevu. Chichewa chawo chinkakhota pena ndi pena, ndipo ankavala tayi ngakhale kutenthe bwanji.

Tsiku lina m'dzinja analemba pa bolodi mawu atatu ndi kachoko kotsalira: tall, taller, tallest.

"Ife pofananitsa zinthu timazungulira," anatero. "Timati uyu ndi wamtali kuposa uyo. Mzungu alibe nthawi imeneyo, amangomata kamchira kumapeto kwa liwu. Saulos, bwera kutsogolo. Emma. Bizweki."

Saulos ndi ine. Ndinapita maso ali pansi, chifukwa kuimirira pamaso pa anthu sindinkakukonda. Emma anali mtsikana wa kwaya, wolimba mtima pakamwa. Bizweki ndiye anali wamkulu m'kalasi monse, wamtali ngati mgwalangwa, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ankakawedza nsomba za amalume ake.

"Aphunzitsi," anafunsa Bizweki, "nanga m'Malawi muno tallest ndani?"

A Namakhwa anayang'ana chithunzi cha Pulezidenti chimene chinali pamwamba pa bolodi, n'kuyang'ananso kukhomo.

"Ife tikukamba za m'kalasi muno. Funso lakolo ukaliphikire kwanu."

Tinaseka chapansipansi. Kenaka anatiika pamzere, ine poyamba, Emma pakati, Bizweki kumapeto. Anyamata akumbuyo anakana.

"Emma akubera! Ndi duku ilo!"

"Duku langa lakulakwira chiyani, iwe?" anayankha Emma. "Saulos ndi wamfupi basi, muvomereze."

"Chinthu choti tikhoza kuyeza sitikanganirana," anatero aphunzitsi, n'kutuluka panja.

Kuseri kwa chipindacho kunali mtolo wa mabango umene ana a pulayimale anabweretsa kuti amangire mpanda wa chimbudzi. Anasolola atatu. Anaimika limodzi kumbuyo kwanga, kuyambira pachidendene mpaka paliwombo, kugwira ndi chala pamene mutu wanga unalekezera, n'kudula ndi kampeni kawo. Ndinamva kutheka kwa bangolo pafupi ndi khutu. M'kalasi munangoti zii, mpaka ndinayamba kumva achule a kudambo.

Kwathu kuno bango limayeza munthu kamodzi kokha. Akamwalira, adzukulu amaligoneka pambali pa mtembo, kulidula, n'kupita nalo kumanda kuti adziwe kutalika kwa dzenje.

"Aphunzitsi, chonde, ine ayi," anatero Emma. Koma anali atadula kale.

Bizweki anaima chilili, manja m'mbali ngati msilikali. "Langalo muonjezere pang'ono, aphunzitsi. Ndisakapinde miyendo kumeneko."

Anyamata awiri anaseka, kuseka kwake kosakoma. A Namakhwa anadula lakenso, n'kutiyang'ana tonse. "Kwatani?"

Emma ndi amene anawauza. Iwo anapinda kampeni kaja.

"Sindimadziwa," anatero. "Kumene ndinakulira ine, bokosi linkabwera lokhomakhoma kuchokera ku kampani. Likuchepere, likukulire, zako zimenezo." Anapukuta thukuta pakhosi. "Pepani. Komabe inu ndinu a Fomu 2. Bango ndi udzu chabe. Tiyeni tione."

Anaimika mabango atatuwo pakhoma, ndipo zinaoneka poyera kuti la Emma likuposa langa ndi zala ziwiri. Chodabwitsa n'chakuti phunziro limenelo linalowa kuposa onse amene tinaphunzirapo. Ngakhale aja osayankha chaka chonse anakweza manja. Tinafananitsa matemba ndi milamba, mtunda wa ku Songani ndi wa ku Zomba. Aphunzitsi anakondwa kwambiri, moti analemba mayina athu pa mabangowo ndi inki, n'kuwasomeka kudenga.

"Tidzabwereza mayeso akayandikira," anatero.

Madzi a m'nyanja atakwera, kunamveka kuti kolera yalowa m'zimbowera, timisasa tija asodzi amamanga pa udzu woyandama kutali ndi gombe. Bizweki anapitabe. Anamubweretsa Lamlungu atagona m'bwato, maso atalowa m'kati, milomo itauma ngati khungwa. Anamwalira anthu akumangirira machila oti amunyamulire kuchipatala.

Pamaliro azaumoyo analetsa kuphika ndi kusambitsa mtembo. Anthu anangokhala, amuna pansi pa mango, amayi kukhonde. A Namakhwa anabwera nawonso, atavala tayi yakuda. Mdzukulu wina atatenga chikwanje kuti akadule bango, mayi ake a Emma anayankhula mokweza kuchokera pakati pa amayi.

"Mukuvutikiranji? Lake lilipo kale kusukulu. Lalembedwa ndi dzina lomwe."

Amalume ake a Bizweki anali a Medson, amene anamulera kuyambira ali wakhanda. Ankagula ndi kuyanika nsomba, komanso anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Sanakweze mawu. Anangotuma anyamata, ndipo posakhalitsa mabango atatu aja anafika. Analowa nalo lalitalilo m'nyumba ya siwa. Potuluka nkhope yawo inali ina.

"Lakwana," anatero. "Ngati alidula lero."

Anawerenga mayina a pa awiri otsalawo. Atatchula langa, amayi anakuwa ngati ine ndi amene ndagona m'nyumbamo.

"Aphunzitsi," anatero a Medson, "kalembedwe aka n'kanu?"

A Namakhwa anaimirira. "N'kanga, bambo. Linali phunziro la Chingerezi. Ndinalibe choyezera."

"Chingerezi. Kodi boma limakutumizirani mabuku, kapena mabango?"

"Ndinalakwa, ndipo ndinapepesa kwa ana. Koma mwanayu wafa ndi kolera. Azaumoyo ali apo, afunseni."

"Pa chimbowera chimenecho anali ndi anzake. Mphika umodzi, madzi amodzi. Anzakewo si awo akhala apo? Kolera yanuyo inayang'ana onse n'kusankha woyezedwa." Anakweza mabango awiri aja. "Yayambira kwa wamtali. Wotsatira ndani?"

Amayi ena anamukoka Emma n'kumubisa kumbuyo kwawo. A Namakhwa anatsegula pakamwa, koma a Medson anawatsogolera.

"Ine sindinakutchuleni dzina lililonse, anthu ndi mboni. Malamulo ndimawadziwa. Ndikangonena kuboma kuti mwasokoneza bata m'mudzi muno."

Masiku amenewo mawu amenewo anali okwanira.

Bango langa amayi analitenga n'kupita nalo kunyumba atalifungatira. Sanadziwe chochita nalo. Kulithyola ankaopa, kuliwotcha ankaopanso. Ababa anati alitaye m'nyanja, amayi n'kufunsa ngati akufuna kuti ndidzafere m'madzi. Mapeto ake analikulunga m'chitenje chakale n'kuliika pansi pa mphasa yawo. Emma anamutumiza kwa azakhali ake ku Songani tsiku lotsatira.

Ine ndinkadziwa za tizilombo ta m'madzi. Tinaphunzira, ndinajambulapo ndi chithunzi chake m'kope. Ndinkawiritsa madzi akumwa ndekha. Komabe m'mawa uliwonse ndisanadzuke ndinkayamba ndamvetsera m'mimba mwanga, ndipo mukangolira pang'ono ndinkakumbukira bango lija.

"Ukapondanso kusukuluko," anatero amayi, "usadzanditchulenso kuti amayi."

Ndinapitabe, podzera kumunda wa mpunga kuti asandione. M'kalasi munalibe wina aliyense. A Namakhwa anali akumanga mapepala a maphunziro ndi luzi.

"Wabwera wekha?"

"Eya, aphunzitsi."

"Andiitana kuboma. Akuti ndikadikire komweko." Anamanga mfundo, n'kuimasula, n'kuimanganso. "Uli bwanji m'thupi?"

"Ndili bwino."

"Udzakhala bwino. Usaleke kuwiritsa madzi."

"Abwera wina, aphunzitsi?"

Anaseka pang'ono. "Ndani angabwere kuno, Saulos? Sukulu ngati ino amatsegula makolo akapempha, ndipo pempho la makolo limadzera pakamwa pa atcheyamani. Iwo akanena kuti anthu akuifunabe, mwina angatumize munthu. Akapanda kutero, mayina anu sapita ku mayeso." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe ukanakhoza. Zimenezo ndikudziwa."

Anachoka m'mawa mwake pa lole ya nsomba, atakhala pamwamba pa madengu. Palibe amene anawaperekeza. Ine ndinaonera kuchokera kuseri kwa nkhokwe yathu.

Zinanditengera nthawi kuti ndilimbe mtima. Ndinkakonza mawu poyenda, kuwayeseza kumunda, n'kuwaiwala ndikangoona denga la a Medson. Ndinadikira kuti amete maliro. Kenaka tsiku lina masana ndinawapeza pa thandala lawo la nsomba pafupi ndi gombe. Matemba anali atayanikidwa pa mphasa zazitali, ntchentche zili ng'waa. Iwo ankawatembenuza okha, atawerama movutika. Anali ataonda.

Ndinagwada chapatali. "Odi, atcheyamani."

"Ndani? Aa, mwana wa a Jafeti. Ukadali moyo?"

"Eya."

"Thokoza Mulungu. Ukufuna chiyani?"

Mawu onse aja anathawa. Ndinangoti, "Sukulu."

"Yatani sukulu?"

"Mayeso ayandikira. Akuti inu mukanena kuboma kuti makolo akuifunabe, angatumize mphunzitsi wina. Osati omwe aja. Wina."

Anaongoka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana. "Makolo ake ati? Mayi ako akuifuna?"

Anandiyang'anitsitsa, n'kufunsanso.

"Mayi ake a Emma akuifuna? Tchula kholo limodzi, ndipite nalo kuboma lero lomwe."

"Bizweki ankaifuna," ndinatero. Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera.

Ndinaganiza kuti andimenya. Koma anangokhala pansi pa dengu lovundikira, n'kuyang'ana kunyanja.

"Ankaifuna, eya. Ankati akakhoza adzakhala kalaliki wa pa msika, azidzandilembera risiti ine. Usiku ankandisowetsa tulo ndi Chingerezi chakecho, kuwerengera nkhuku." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Ukuganiza kuti ndine chitsiru, eti? Ukuganiza kuti kolera sindiidziwa? Ndaika anthu angati ine chaka chino?"

"Ayi, bambo."

"Ndikuidziwa. Koma ndinalowa nalo ndekha bango lija m'nyumba. Ndinaligoneka ndekha pambali pake. Iwe sunaone." Anapumira m'mwamba. "Ndikapita kuboma kukapempha sukulu, mlongo wanga, mayi wake wa Bizweki, ndidzamuyang'ana bwanji? Ndidzati mwana wako wapita, koma ana a eni ake apitirize?"

"Chaka chamawa, mwina?"

"Chipinda chija ndapereka kale kwa amayi a chipani, aziphunziriramo nyimbo. Za sukulu iwala, mwanawe. Uli ndi moyo, uli ndi manja awiri. Ukufunanso chiyani?"

Ndinayesa kuganiza za chinthu china choti ndinene. Ku Zomba kunali sukulu zina zotere, koma kunalibe mbale wathu woti n'kukhala naye, ndipo kulembetsa mayeso kunali pafupi kutsekedwa. A Medson ankadziwa zimenezo, inenso ndinkadziwa.

Kumwamba kwa chilumba cha Chisi mitambo inali itayamba kuda. Iwo anaiyang'ana, n'kuyang'ananso mphasa zonse zija.

"Mvula iyo," anatero. "Ntchito imeneyi ankandigwirira ndi iyeyo. Msana wangawu sukulola. Bambo ako ndiyankhula nawo, uzibwera m'mawa uliwonse. Sindidzakumana ya sopo."

Sanadikire n'komwe yankho.

"Yambira uko. Ouma m'dengu ili, aawisi m'linalo. Usasakanize."

Ndinavula malaya a sukulu, kuwapinda, n'kuwaika pansi pa dengu kuti asanunkhe nsomba. Mphepo inali itayamba kale kutukula m'mphepete mwa mphasa. Ndinagwada pa yoyambirira n'kuyamba kuwola matemba ndi manja onse awiri.