Kasitomala wa Agogo

"Wabisa makiyi a shopu ndani?" Agogo anakuwa uku akugwedeza chitseko ngati achizule.

Mayi anaponya chikwama pampando. Basi ya kuntchito inali itawasiya kale. Shopu yometera ya bambo awowa inatsekedwa kalekale, pamalopo pano amagulitsapo matayala, koma m'mawa uliwonse mkuluyu ankavala jekete, ati makasitomala akudikira. Sabata yatha anazemba, anakapezeka ataima pakati pa msewu waukulu, magalimoto akuwalizira mahutala.

Pabalaza, mwana wamwamuna wa Mayiwo, tcheya wa gulu la kusukulu lophunzitsa anthu za matenda oiwalaiwala, ankayeserera zokalankhula. Anzake awiri, mtsikana ndi mnyamata, ankamvetsera. Tsitsi lake, lomwe ankalisamala kuposa mabuku, linali litaima njo.

"Wodwala musamamutsutse," ankatero, chala chili m'mwamba. "Mulekeni achite zimene manja ake akukumbukira." Kenako anacheuka. "Amayi, taalowetsani kuchipinda Agogowo, akutisokoneza."

Mayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Akukusokonezani? Pepani Atcheya. Tabwerezani pa manja paja."

Sanadikire kuti abwereze. Anakoka mpando wa kukhitchini, kutenga thaulo, chipeso ndi sizasi.

"Bambo, lero shopu tatsegulira pompano. Kasitomala wanu uyu, watopa n'kudikira."

"Amayi! Ndikukaima pamaso pa sukulu yonse!"

"Ukalankhula ndi pakamwa, osati ndi tsitsi. Khala pansi."

"Musawatsutse, Atcheya," mtsikana uja anatero, atagwira pakamwa.

Agogo anasiya chitseko. Anakutumula thaulo, kulimanga m'khosi mwa mnyamatayo, n'kumupendeketsa mutu ndi zala ziwiri. Manja amene amataya tiyi tsiku lililonse sananjenjemere ngakhale pang'ono.

"Anakumeta ndani chonchi, achimwene? Mbuzi?" Sizasi inalira, tsitsi n'kumagwa mulumulu. "Wafanana ndi mdzukulu wanga. Koma uyo sakhala pansi, ndimangomuona msana."

Tcheya anagwetsa nkhope. Maso anali pansi mpaka Agogo anamupukuta m'khosi. Mbali ya kumanzere ya tsitsilo inatsika kuposa ya kumanja, koma mkuluyu anavula jekete, kukhala pansi, n'kuitanitsa tiyi ngati munthu woweruka.

Anzake aja anali atagwira nthiti. Mayi anawatembenukira.

"Mukuseka chiyani? Mawa ndi iwe wamtaliwe, mkuja iwe mtsikana, akakudule nsonga zokha. Ndipo tamverani nonse atatu. Zoti tizileza mtima tinazimva, zatikwana. Ife mtima tili nawo, chimene tilibe ndi munthu wotigwirizira kuti tifike kuntchito, kapena tisambe osatchera khutu kuchitseko. Mukatha kulankhula kusukuluko, afunseni anzanuwo kuti wodwala ali kwa ndani, mupiteko mukakhale naye. Kungokhala pansi basi. Kodi n'zovuta?"