Apongozi Akana Mausi

Kunyumba kwathu ndimadziwika ndi matenda amodzi, okonza kompyuta yosawonongeka. Loweruka anzanga ali ku mpira, ine ndili pa tebulo kusintha kaonekedwe ka sikirini. Lero kamzere ka m'munsi kakwere pamwamba, mawa katsikenso. Akazi anga amangopukusa mutu. "Abambo, kompyutayi mudzayamba liti kugwirira ntchito? Chaka chonse kumangoyala mphasa, osagonapo." Ndipo sanama ayi.

Tsiku lina anabwera kuchokera kwa amayi awo nkhope itagwa. Apongozi angawo anagwira ntchito yotayipa moyo wawo wonse, ndipo atapuma anapitiriza kunyumba. Pali bambo wina wa shopu ya fotokope amene amawabweretsera zolemba pamanja, malipoti a timabungwe ndi a ana asukulu, iwo n'kumatayipa pa laputopu yakale. Koma dzanja lamanja linali litayamba kunjenjemera.

"Akuti mwezi uno ukatha amuuza bambo wa shopu uja asabweretsenso ntchito," anatero akazi anga. "Amayi akasiya kutayipa atsala ndi chiyani? Azingowerenga magalimoto pakhonde?"

Loweruka lotsatira ndinapita, ndikudzimva udokotala. Kachipinda kawo ndi kaudongo: tebulo pafupi ndi zenera, pulinta yofunditsidwa nsalu, mapepala atapanikizidwa ndi nsimbi yakufa. Ndinawapempha andionetse vuto. Atangogwira mausi, kamuvi kanayamba kuvina sikirini yonse. Akati adine kawiri, windo limakokeka n'kukabisala kuseri kwa linzake. Akati alibweze, amakadina potsekera, ntchito yonse n'kuzimiririka.

"Mwaona, bambo? Dzanja lakana. Munthu uzidziwa potsikira."

"Amayi, musadandaule, izi n'zazing'ono."

Ndinasunga mafayilo awo pa fulashi, n'kuika pulogalamu yoyendetsa kompyuta yotchedwa Linux, ndi desikitopu, kapena kuti kaonekedwe ka sikirini, yokongola kuposa zonse zimene ndimadziwa, ya zithunzi zikuluzikulu ngati mbale. Maganizo anga anali akuti munthu wamkulu amafuna zazikulu ndi zowala. Koma abale! Laputopu ija inayamba kulira ngati chigayo, kutsegula fayilo imodzi mpaka munthu kuyasamula. Ndinachotsa, n'kuika ina yopepukirapo. Makina anapuma, koma kamuvi kanali kakuvinabe. Ndinachepetsa liwiro la mausi, sizinathandize kwenikweni. Apongozi anandithokoza ndi ulemu uja wopweteka, n'kupita kukatereka tiyi.

Kunena zoona mtima unandiwawa. Ndinatulutsa laputopu yanga kuti ndifufuze nzeru zina pa intaneti. Pa yangayo palibe chokongola, sikirini yakuda bii, popanda ngakhale kachithunzi. Ndinangoikapo kapulogalamu kakang'ono koyala mawindo kokha. Ukatsegula limodzi limadzaza sikirini, ukatsegula lachiwiri amagawana pakati, palibe lokwera pa linzake. Zonse zimayendera mabatani a kiyibodi.

Sindinawamve akulowa. Ndinangozindikira ali chilili kumbuyo kwanga, thireyi ili m'manja.

"Bambo, mausi yanu ili kuti?"

"Sindiigwiritsa ntchito, amayi."

"Nanga windo lija lasuntha bwanji?"

Ndinawaonetsa, batani ili ndi ili. Anaika thireyi pansi pang'onopang'ono.

"Aa! Ndiye zabwinozi mwadzisungira nokha, ine mukundiikira zidole za ana?"

"Ndimaona ngati n'zovuta, amayi."

"Taipilaita inali ndi mausi? Kokani mpando."

Masana onsewo tinakhala moyandikana, ine ndi apongozi anga, munthu amene zaka zonsezi timangopatsana moni n'kukamba za mvula. Ndinaika kapulogalamu kaja pa laputopu yawo, n'kutsegula fayilo imene mumalembamo kuti batani lakuti lizichita chakuti. Iwo amalamula, ine ndimalemba. Kugwira mabatani awiri nthawi imodzi kunawavuta, ndiye tinasankha mzere wa mabatani wapamwamba uja anthu saulabadira. Loyamba lotsegula polembera, lachiwiri mafayilo, lachitatu lodumphira windo lina. Lotsekera anati ndilithamangitsire kumapeto kwenikweni, ndipo lizifunsa kaye lisanatseke.

"Zakudazo ndi zanu," anawonjezera. "Ine sindili pa maliro. Pepala likhale loyera, m'mbali motuwa."

Zala zawo zikagona pa kiyibodi zimapeza potsamira, kunjenjemera kumachepa. Komabe nthawi zina chala chimagunda kawiri, chilembo n'kutuluka mapasa. Ndinauza makina kuti batani likagundidwa kachiwiri mofulumira kwambiri asamve. Poyamba ndinapyola muyeso, anayamba kumeza ndi zilembo zimene iwo amafunadi kubwereza. Apongozi anaseka mpaka kupukuta misozi. "Mkamwini wanga, mwaigonthetsa!" Tinabweza pang'ono, kuyesa, kubwezanso, mpaka inamva bwino. Tiyi uja tinamumwa atazizira, palibe anadandaula.

Kenako anatenga lipoti lina pansi pa nsimbi, analitsamiritsa pa buku, n'kuwongola msana. Ine phokoso la kutayipa kotero ndinali ndisanalimvepo. Maso ali pa pepala, zala zikungothamanga zokha, osayang'ana n'komwe pa kiyibodi.

Akazi anga anatipeza choncho pobwera kudzanditenga. Anaima pakhomo, kuyang'ana amayi awo, kuyang'ana ine. Ndinawanong'oneza kuti kwatsala kakang'ono, ndikufuna ndiike kawotchi pakona ndi kusintha mtundu wa mizere ya m'mphepete.

"Musakhudzenso," anatero apongozi osatembenuka. Anafika pamapeto a tsamba, anadina batani losungira, n'kutambasula dzanja. "Iwe, tandipatsa foni yanga ili pa shelefupo."

Mwana wawo anawapatsa, ndipo anawathandiza kupeza nambala ya bambo wa shopu uja.

"Bambo, ndine. Zija ndimafuna kukuuzani kumapeto a mwezi zija, palibenso. Lolemba mubweretse ntchito. Ndipo musandisankhire zoonda, mubweretse ndi zonenepa zomwe."