Paipi Imene Amayi Ankailumpha

Madzi anali atafika kale pampopi pamene Kaupa anakana kuwamwa. Anaima chapatali, manja kumbuyo, ngati si iye amene anakumba nawo maziko a thanki.

Vuto linali paipi. Potsika kuchokera kukasupe wa m'phiri, inkapingasa njira ya kuminda ya mbatata. Pamalopo panali thanthwe losakumbika, choncho anangoigoneka pamtunda, ndipo mayi aliyense wopita kumunda ankailumpha. Kwathu kuno kumapiri a ku Simbu, chimene mkazi walumpha mwamuna salawa, akuti chimaumitsa thupi. Amuna onse anaikira Kaupa kumbuyo, nalamula kuti ana aamuna azimwanso a kumtsinje, komwe nkhumba zimagubuduzikamo.

Moro, mkazi wa Kaupa, zinamuwawa mpaka m'mafupa. Mapaipiwo anachita kusenza ndi amayi anzake kuchokera kumsewu, mapewa mpaka kusupuka, pofuna kupulumutsa mwana wake wamwamuna Wemin, amene matenda otsekula m'mimba anali atamusiya mutu wokhawokha.

"Bambo a Wemin, mwanayu amwe zotsala za nkhumba chifukwa cha miyendo yangayi?"

"Mwambowu sindinayambitse ine," anayankha Kaupa, maso ali pansi.

Gende, mkulu wake wa Kaupa, anati amayi azingozungulira cha kuchigwa. Zinali zosavuta kunena, poti iye chibadwire sanasenzepo thumba la mbatata. Moro anamuuza kuti ayambe iye kuyesa njirayo atabereka mwana. Koma anadziwanso kuti pakamwa sipagwetsa mwambo, ndipo mwana sangadikire kuti akuluakulu athane.

M'mawa mwake anamema anzake, nkhwangwa m'manja. Anadula mitengo iwiri ya mphanda, kuizika uku ndi uku kwa njira, kupingasa wina pamwamba. Analumikiza chidutswa cha paipi chimene chinatsala, n'kuikweza yonse, kuimanga ndi luzi. Amuna anabwera kudzaonerera, poti ntchito yoonerera amaitha.

"Alamu, madzi ndi anyani kuti akwere mtengo?" anafunsa Gende.

"Khalani pomwepo, alamu. Akakanika tikutumani muwakankhe."

Kunena zoona, Moro naye mtima unali m'mwamba. Atatsekula kuthanki, mpopi unangotsokomola mphepo. Gende anayamba kuseka. Unatsokomolanso, kenaka madzi anathovoka oyera mbee, ozizira mpaka kuwawitsa mano.

Moro sanayang'ane mwamuna wake. Anatunga m'kapu, n'kuiika pamwala, n'kupinda manja. Kaupa anazungulira kaye mitengo ija, kusuzumira ngati akugula nkhumba, koma sanapeze cholakwika. Anabwerera, anatola kapu, anamwa theka pamaso pa amuna anzake, otsalawo n'kumwetsa Wemin ndi dzanja lake lomwe.

Ine ndimanyada ndikadutsa pamenepo. Mitengoyo amayi anaiyeza pa msinkhu wawo, ndipo akazi akwathu ndi aafupi. Iwo amadutsa chilili, katundu kumsana. Mwamuna aliyense wopita kumunda amayamba wawerama.