Kalata Yabwino Imene Aphunzitsi Anaikana

Ntchito yanga ndi yopereka thandizo. Ndikanena choncho abale anga amayamba kumwetulira, koma ndikawonjezera kuti bungwe lathu lachifundo limathandiza okhawo omenyera malamulo oteteza anthu pa intaneti ndi pafoni, kumwetulirako kumazilala. Pachaka timalandira zopempha mazanamazana, ndipo zambiri timazikana. Tili ndi mwambo umene anatisiyira amene anayambitsa bungweli: kalata yokana munthu imalembedwa papepala, n'kusainidwa ndi dzanja, n'kupita pa positi. Iwo ankati wokana mnzake azionetsa dzanja lake. Nkhani yabwino yokha ndiyo imathamanga pa imelo.

Chaka chimenecho ndinali ndi munthu wanga pamndandanda. Anali mayi wopuma pantchito ya uphunzitsi, ndipo muofesi monse tinkangowatchula Aphunzitsi ngakhale panalibe amene anawaonapo. Iwo ndi anzawo anayi ankayenda m'misika kulemba nkhani za anthu oberedwa nambala za foni. Ankafuna kupita nazo kwa opanga malamulo kuti makampani a mafoni azikakamizidwa kuthandiza wodandaula tsiku lomwelo. Anapempha kawiri, ndipo kawiri konseko wowakana ndinali ine. Kachitatu aka ndinawalankhulira m'komiti mpaka kukhosi kuuma, ndipo anadutsa. Ndinasangalala ngati wadutsayo ndi mayi anga ondibereka.

Lamulo lathu ndi lakuti wosankhidwa asaine kuti wavomera pasanathe masiku khumi, apo ayi mwayiwo umapita kwa wotsatira pamndandanda. Ndinatumiza imelo: mwasankhidwa, dinani apa kuti musaine. Ena onse anayankha dzuwa lisanapendeke. Aphunzitsi anali zii. Ndinatumizanso ina, zii. Yachitatu ndinailemba pamwamba ndi zilembo zazikulu kuti MWACHANGU. Lachitatu la sabata yomaliza, kutatsala masiku awiri, ndinaimba foni.

"Ndikuimba kuchokera ku bungwe lija munapemphako thandizo, mayi. Ndili ndi nkhani yabwino."

"Eya, mwanawe, nkhani yabwino," anatero Aphunzitsi mofatsa. "Ndipo ndi yachangu, si choncho?"

"Inde mayi, pofika Lachisanu."

"Ndipo pali poti ndidine."

"Ee, pali linki mu imelo ija."

"Kenako mudzafuna nambala ya akaunti."

"Pambuyo pake, inde."

"Mawu anu ndi aulemu, zikuoneka kuti munaleredwa bwino. Kapezeni ntchito ina, mwanawe, amayi anu asadzalire." Foni thii. Nditayesanso ndinapeza atanditsekera.

Moyang'anana ndi desiki yanga mumakhala mkulu woona za chitetezo cha makompyuta athu, amene timamutchula a Loko. Mwezi uliwonse amatitumizira maimelo abodza kuti aone amene angagwe mumsampha, ndipo ine ndinagwamo kawiri. Tsiku limenelo anaseka mpaka misozi. Anasindikiza imelo yanga, natenga cholembera chofiira.

"Nkhani yokoma, chimodzi. Kufulumizitsa munthu, chachiwiri. Linki, chachitatu. Za akaunti, chachinayi. Achimwene, zizindikiro zonse za m'kabuku kathu kochenjeza za akuba komwe, tsamba loyamba! Ine chiyambire ntchito sindinalembepo nyambo yokongola chonchi."

Ine sizinandiseketse. Ndinathamangira kwa abwana kukapempha kuti tiwonjezere masiku. Anapukusa mutu, nati lamulo likapindika kwa mmodzi lapindika kwa onse. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati, "Koma miyendo muli nayo."

Lachinayi m'mawa ndinakwera basi ndi mapepala osainira mu envulopu. Ulendo unali wa maola anayi. Ofesi ya Aphunzitsi ndinaipeza kuseri kwa shopu ya telala: chipinda chimodzi, mabenchi atatu, kabati yachitsulo yotsekedwa ndi waya, ndi bolodi. Pamabenchipo panali anthu khumi ndi awiri, ena atavala maepuloni a kumsika. Kutsogolo kunaima mayi wamfupi wa imvi, ndodo yolozera ili m'manja. Pabolodi anali atamatapo pepala lalikulu lozungulizidwa ndi inki yofiira malo anayi. Ndinaliyang'anitsitsa. Inali imelo yanga, atakulitsa zilembo kuti ndi akumbuyo omwe aziona.

"Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere," anatero Aphunzitsi akugogoda pabolodi. "Akuba awa ndi akatswiri, anadziwanso kuti ndinapempha thandizo. Ndani atiuze chizindikiro chachitatu?"

Ndinakhala pabenchi yakumbuyo, n'kukweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Linki, mayi."

Ndodo inaima m'malere. "Mawu awa ndikuwadziwa. Abale, akuba a masiku ano akufika ndi pakhomo pomwe!"

Chipinda chonse chinatembenuka. Bambo wina wamapewa aakulu anasuntha n'kukhala pafupi ndi chitseko. Ndinatulutsa chitupa changa cha kuntchito, koma Aphunzitsi sanachigwire n'komwe. Anati chotere amasindikiza pashopu yachitatu kuchokera pamenepo, ndipo chimatuluka chokongola kuposa changacho.

Anamasula waya wa kabati, natulutsa faelo yakale. Munali makalata anga awiri owakana aja, osapindika ngakhale pakona. Anaimba nambala ya ofesi yathu yolembedwa pansi pa kalatayo, nakweza mawu a foni kuti aliyense amve. Tsoka ilo, anayankha ndi a Loko.

"Muli ndi wantchito amene mwamutuma kuno? Tamufotokozeni."

"Wamtali, dazi layamba kumene koma iye amakana," anatero a Loko mokondwa. "Wagwa kawiri mumsampha wanga. Koma si wakuba, mayi, alibe nzeru zake."

Anthu anaseka, bambo wa pachitseko uja n'kubwerera pamalo pake. Aphunzitsi okha sanaseke. Anandipatsa choko, nati ndisaine pabolodi. Ndinasaina. Anayandikitsa makalata awiri aja pafupi ndi siginecha yangayo, nayang'ana uku ndi uku kwa nthawi yaitali.

"Ndinudi," anatero potsiriza. "Ndinu amene mumandikana."

"Ndine, mayi. Koma ulendo uno mwasankhidwa. Ndi zoona."

Anakhala pansi pang'onopang'ono, navula magalasi. Mawu awo a m'kalasi aja anali atapita, anatsala aang'ono. "Imelo ija ndinaiwerenga kasanu ndi kawiri, mwanawe. Ndinkafunitsitsa kuti ikhale yoona. Ndiye awa ndimawaphunzitsa kuti uthenga ukaufunitsitsa kuti ukhale woona, pamenepo mpamene uziopa. Ndikanadina, ndikanaima bwanji pamaso pawo?"

Ndinachita manyazi, komanso ndinawakonda mayiwo kwambiri.

Mapepala anga anawawerenga onse, mzere ndi mzere, chala chikutsata, anthu khumi ndi awiri akudikira. Pa tsamba lachitatu anandipezera chilembo cholakwika. Kenako anasaina, ndipo mayi wina wa epuloni yobiriwira analulutira mpaka telala anasuzumira pawindo, tepi ili m'khosi.

Ndikutsanzika ndinapempha kuti achotse imelo yanga pabolodi. Anakana, nati phunziro labwino silitayidwa. Ndinawafunsanso chifukwa chimene anasungira makalata owakana mosamala chonchija, poti ine ndikanayatsira moto.

Anatsegulanso faelo, nandilozera pansi pa kalata iliyonse. Ndinali nditaiwala. Pafupi ndi siginecha panali mawu amene ndinawonjezera ndi cholembera, mwina ndikuthamangira kukadya: mudzayesenso, mayi.

"Pokana munandilembera ndi dzanja lanu," anatero Aphunzitsi. "Ndiye ndinkati tsiku lodzandivomera, dzanja lomwelo ndidzalidziwa."

Chaka chotsatira makalata onse a osankhidwa ndinawalemba papepala, n'kusaina ndekha, imodziimodzi. A Loko anadandaula kuti ndawalanda nyambo yawo yabwino, koma ku positi anandiperekeza ndi iwo.