Kelepi Sakhala Benchi Lakumbuyo

Belu loyamba linalira Lesieli akumanga mkeka m'chiuno mwa mdzukulu wake Kelepi. Unali ta'ovala, mkeka wovala posonyeza ulemu, wa malemu amuna ake, wofewa ngati nsalu chifukwa chokhalitsa.

"Kweza manja, iwe. Chithupi chonsechi unachinenepetsa ku Utah kuti udzanditopetse ine?"

Kelepi anaseka pang'ono. Anabadwira pachilumba chomwecho ku Ha'apai, koma anakulira ku Amereka. Atatuluka m'ndende, boma la kumeneko linamubweza ku Tonga ali bambo wandevu. Anafika ndi kachikwama, zojambula pakhosi ndi chinenero cha makolo ake chothyokathyoka.

Aisake, mwana woyamba wa Lesieli, anasuzumira pakhomo manja ali bii ndi phulusa.

"Amayi, paja tinati uyu atsale aziyang'anira dzenje lowotchera nyama ndi zilazi."

"Unanena ndiwe. Ine ndinangokhala chete, ndipo kukhala chete si kuvomera."

"Anthu akulankhula. Nkhumba ya a Soakai inasowa sabata lomwe iyeyu anafika."

"Nkhumba zinayamba kusowa m'mudzi muno iwe ukuyenda wopanda kabudula. Ina ndinakaipeza kuseri kwa sukulu, ndipo ukumudziwa amene anagwira mpeni."

Aisake anabwerera kudzenje.

"Nena, ndingotsala," anatero Kelepi chapansipansi. Nena ndi mmene ankawaitanira agogo akewo. "Musachite manyazi chifukwa cha ine."

"Chibale ndi fupa, sichiola. Ndipatse ndodo yangayo."

Pakhomo la tchalitchi anapeza Soakai, mkulu wa mpingo, atavala jekete loyera. Lesieli anaphunzitsa pasukulu ya m'mudzimo mpaka tsitsi kuyera, ndipo Soakai anadutsa m'manja mwake monganso abusa ndi theka la anthu amene anali m'katimo.

"Aphunzitsi, malo anu alipo kutsogolo monga mwa masiku onse. Mlendoyu akhale benchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko."

"Mlendo uti? Mchombo wake ndinaukwirira ndekha patsinde pa mango uli apowo."

"Anyamata athu akumuyang'ana, aphunzitsi. Ikaola imodzi, zonse zaola."

"Za nsomba ukuzidziwa bwino. Tsiku limene ndinkaphunzitsa za nkhosa yosochera unali kuwodzera."

Amayi ena amene ankalowa anabisa nkhope m'zokupizira zawo. Soakai sanaseke, komanso sanasunthe. Lesieli anayang'ana Kelepi, ndipo mtima unamuwira. Mwana wake wamkazi, amayi ake a Kelepi, anamwalira kutsidya kwa nyanja iye osaponyako dothi. Chimene chinatsala cha mwanayo ndi munthu ameneyu.

Anagoneka ndodo pansi n'kukhala pamasitepe, padzuwa.

"Khala pano, Kelepi. Mulungu si wogontha."

"Aphunzitsi, musatero," anadandaula Soakai.

"Lowa, Soakai, ungachedwe kumwamba."

Abusa analengeza nyimbo yoyamba. Mpingowo unalibe limba. Kuyambira kale, woyambitsa nyimbo anali Lesieli, ndipo ena onse ankatola mawu pakamwa pake. M'katimo munangoti zii. Mwamuna wina anayesa kuyamba, koma anakweza kwambiri, nyimbo inamuthera pakhosi.

Pamenepo Lesieli anayambitsa ali panja pomwepo. Mawu ake anali okalamba koma osagwedera. Amayi analandira, abambo anatsatira ndi besi, makosi onse atapotolokera kukhomo. Pakati pa mizere ankanong'oneza Kelepi mawu otsatira, monga ankachitira ndi ana a kalasi yoyamba. Kelepi ankaphonya, ankabwerera, koma anaimba.

Nyimbo zonse za tsikulo zinachokera pamasitepe. Palibe amene anatuluka kudzakhala nawo, ndipo potuluka ambiri anawalambalala maso ali pansi. Abusa anapatsa Lesieli moni wa padzanja, kenako atazengereza anapatsanso Kelepi.

Kunyumba, Aisake anafukula dzenje mwaukali, nthunzi ili tolotolo.

"Mwatiyalutsa, amayi. Ine ndimamwa kava ndi anthu amenewa. Ndiwayang'ana bwanji?"

"Ndi maso omwe uli nawowo."

"Ndiye Lamulungu likubwerali mukakhalanso pansi ngati wopemphetsa?"

"Ndi linalo, ndi linalo. Akadzatopa ndi kupotokola makosi adzatiitana tonse awiri. Ndikafa asanatero, maliro anga mudzaimbire panja."

Aisake anaponya fosholo pansi n'kulowa m'nyumba.

Tsiku la Mulungu mabanja ankagawana chakudya, ndipo mbale ya kwa Lesieli sinaphonyepo kwa Soakai. Lesieli anasankha nthiti zonona, chilazi chachikulu ndi phukusi la masamba a koko ophikira m'mkaka wa kokonati. Anaziika mu dengu n'kupatsa Kelepi.

"Kapereke kwa a Soakai."

"Ine, Nena? Akandithamangitsa."

"Akakuthamangitsa ubwere nazo, tidzadya tokha. Koma uyende pakati pa msewu, ndipo ukagogode khomo lakumaso, osati lakuseri."

Kelepi anayang'ana dengulo kanthawi, kenako analinyamula. Lesieli anakokera mpando pakhonde pomwe msewu wonse unkaoneka. Makatani a nyumba zoyandikana anali kugwedezeka, koma mdzukulu wake sanacheuke mpaka anafika pakhomo la Soakai n'kugogoda.