Benchi la Pakhomo

Evance ankapalasa njinga ya kabaza pa Limbuli, ndipo kutchalitchi ankadziwika ndi mawu. Akayamba kupemphera ankamveka mpaka kumsika. Kukuwako kunayamba napolo wa namondwe Freddy atakokolola nyumba yake pamodzi ndi mkazi wake, Janet, amene mtembo wake sunapezeke.

Lachitatu lina masana, Abusa Chester anauza gulu la mapemphero kuti kuyambira tsikulo pasamakhale woyankhula kapena woyimba. Anawerenga salimo lalifupi, n'kutseka Baibulo. Anati aliyense angokhala duu pamaso pa Mulungu, amvetsere.

Evance anatsinzina. Phazi linayamba kugwedezeka lokha. Anamva lole ikudutsa kulowera kuchipata cha m'malire cha Muloza, mbuzi ikulira kuseri, mayi wina akudziletsa kutsokomola. Kenako m'mutu mwake munabwera chimene ankachiopa: mkokomo wa miyala ikugudubuzika kuchoka m'phiri. Anadzambatuka, n'kutuluka, n'kupalasa njinga yopanda munthu mpaka minda ya tiyi itatha.

Lachitatu lotsatira sanapite. M'mawa mwake abusa anamupeza pasiteji, n'kumuuza kuti awaperekeze ku Milonde kukaona wodwala. Panjira anacheza za fumbi ndi kukwera kwa feteleza. Atafika pachitunda anatsika, n'kumayenda akukankha njinga.

“Abusa, zija sindingazithe,” anatero Evance. “Ndikakhala chete ndimamva phiri.”

“Nanga mukakuwa limasiya?”

“Limangodikira.”

Abusa anavomera kuti analibe mawu otontholetsera phiri, ndipo sakanamunamiza kuti kukhala chete n'kokoma. Anangomupempha kuti azidzakhala pabenchi la pakhomo, azituluka pamene wafuna, ndipo palibe adzamufunse.

Anapitadi, n'kutuluka anthu atangotsinzina kumene. Ulendo wina anakathera panja, akupopa tayala lomwe linali kale ndi mpweya. Tsiku lina, mvula yoyamba ili pafupi kugwa, anakhala osatuluka. Mkokomo unabwera, iye n'kugwira benchi ndi manja onse, thukuta lili kamukamu, osadzuka. Miyala inagudubuzika mpaka inatha. Itatha, anakumbukira mmene Janet ankasekera akamamumeta tsitsi pakhonde, zimene anali asanazikumbukirepo chichitikire ngoziyo.

Abusa atati ameni, anthu anayamba kupatsana moni motsitsa mawu. Evance anatuluka, n'kunyamula mayi wina wa dengu la nanazi wopita kumsika.