Malungo Ochokera ku Minda ya Chitowe

"Kweza malayawo ndione mimba," ndinamulamula Rashid ndisanavule n'komwe nsapato.

Anangondiyang'ana ali chigonere pa bedi lam'munsi, m'kachipinda ka ku Al Asmakh komwe ankagona amuna asanu ndi mmodzi. Linali Lachisanu masana, anzake ena atangobwera kuchokera kumzikiti. Kunja dzuwa la Doha linkawotcha ndi miyala yomwe, koma mlongo wanga wamng'onoyu anali atafunda bulangete mpaka m'khosi, mano akugundana.

"Achemwali, shifiti mwayambira kuno? Ndi malungo chabe awa."

"Sisita Khadija, mafi mushkila, musavutike," analowererapo a Stafford, bambo wa ku Balaka amene anali wamkulu pa onse m'chipindamo. "Tamupatsa kale LA. Iyi ndi dozi yachitatu."

Ndinamva mutu kuwira. A Stafford ntchito yawo inali yoyendetsa thirakitala, koma m'chipinda muja anali dokotala wamkulu. Aliyense wobwera kuchokera kutchuthi ankawatengera LA pamodzi ndi usipa, iwo n'kumasunga m'chitini cha mabisiketi. Ife Amalawi thupi likangotentha, dzina timadziwa limodzi basi.

"Dozi zitatu, milungu isanu ndi umodzi, munthu osasintha, inu osadabwa?"

"Malungo a masiku ano ndi ouma mutu, sisita."

"Ouma mutu ndi anthu, a Stafford, osati malungo."

Ndinasolola bulangete lija ndekha. Zimene ndinaona zinandiswa mtima. Rashid, amene ankanyamula thumba la chimanga ndi dzanja limodzi kwathu ku Ntaja, nthiti zake zinali zowerengeka, manja ngati bango, khungu litada mochita kutuwa. Mimba yokha ndi imene inali itakula. Nditasindikiza kumanzere, pansi pa nthiti, ndinapeza kapamba atatupa mpaka kufupi ndi mchombo, ali gwa.

"Vala. Tikupita kuchipatala pompano."

Rashid anapempha anzake kuti atipatse mpata. Chitseko chitatsekedwa, anandikokera pafupi n'kuyamba kunong'ona.

"Achemwali, inu ndinu nesi. Munthu akaonda chonchi, kwathu timati akudwala chiyani?"

Ndinamubwezera bulangete lija, iye n'kupitiriza.

"Ndinalakwa kamodzi, chaka chatha. Kamodzi kokha. Ndikapita kuchipatala kuno akatenga magazi. Akapeza kachilombo, khalasi, zanga zatha. Viza akufufuta, akundikweza ndege ngati wakuba. Pa gulu la WhatsApp aliyense adziwa ndisanatere n'komwe ku Lilongwe, ndipo Warda akamva kwa anthu am'misika."

Warda ndi mkazi wake, mayi wa ana ake awiri. Ndinamukalipira, ndinamunyengerera, ndinamuopseza kuti ndiimbira amayi. Anakanitsitsa kwamtuwagalu. Koma pano ndiulule, pakuti palibenso chobisa: nanenso mumtima ndinali nditaweruza kale. Ndinakula ndikuona amalume anga awiri akutha ndi kaliwondewonde, ndipo maso anga anaona zomwezo mwa Rashid. Ndinatuluka m'chipinda muja ndikulira, nditakwiya naye chifukwa cha tchimo lake, osati chifukwa cha matenda ake.

Lamlungu, pa nthawi ya tiyi kuchipatala komwe ndimagwira ntchito, Raihana anandipeza ndikungotakasa kapu yopanda shuga. Raihana ndi nesi mnzanga wochokera ku Sudan, mayi wosadziwa kuzungulira polankhula. Ndinamufotokozera zonse, koma dzina la matenda amene ndinkawaganizira ndinalimeza.

"Thupi limatentha n'kuleka, n'kuyambiranso?" anafunsa.

"Eya."

"Kapamba wamkulu, magazi ochepa?"

"Eya."

"Chaka chathachi wapitako kuti?"

Ndinamuuza kuti kampani ya Rashid ili ndi minda ya chitowe kum'mawa kwa Sudan, ndipo nyengo yokolola imatumiza madalaivala ake kumeneko kwa miyezi itatu. Nthawiyo nkhondo ya m'dzikolo inali isanayambe. Rashid anali atabwerako mu Disembala, ali bwinobwino, atanenepa ndithu.

Raihana anaika kapu yake pansi. "Ankagona pati?"

Ndinafufuza m'foni n'kumuonetsa chithunzi chimene Rashid ananditumizira ali kumindako. Anali atagona pa mphasa pafupi ndi lole yake, chifuwa chili pamtunda, pansi pa mitengo ya minga. Nthaka yake inali yakuda, yong'ambikang'ambika.

"Ya Allah, Khadija! Uku ndi kwathu. Mlongo wako ayenera kuti ali ndi kala-azar."

Anandifotokozera mofulumira, ngati mmene umauzira mwana njira ya kuchigayo. M'ming'alu ya nthaka ija ndi m'mitengomo mumakhala kantchentche kakang'ono, kochepa kuposa udzudzu, kosalira pouluka. Kamaluma kukayamba kuda, ndipo kamatha kudutsa pa maso a neti wamba. Tizilombo timene kamasiya m'thupi timakhala phee miyezi ingapo, munthu atabwerera kale kwawo, kenaka timayamba kudya kapamba, chiwindi ndi m'mafupa momwe mumapangidwa magazi, mpaka munthu kumatuluka magazi m'nkhama.

"Eni dera amawadziwa," anatero. "Amene amafa kwambiri ndi alendo odzakolola, chifukwa amakadwalira kutali, kwa anthu amene sanawamvepo. Koma mankhwala alipo, ndipo kuno alipo. Akalandira achira. Akapanda kulandira, pafupifupi onse amapita."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Zaka khumi ndi chimodzi ndili pa unesi, ndipo dzina limenelo ndinaliona kamodzi kusukulu, pa tsamba limene aphunzitsi anati tilumphe poti si matenda a kwathu. Chithunzi chija chinali m'foni mwanga miyezi isanu, ine n'kumangoyamikira kuti mlongo wanga wanenepa.

Nditaweruka ndinathamangira ku Al Asmakh ndi yunifolomu yomwe, mtima uli m'mwamba. Ndinkadziwa kuti ndanyamula uthenga wabwino. Ndinapeza sutikesi ili pakati pa chipinda, yomangamanga kale.

"Ndapempha livi," anatero Rashid, atatsamira khoma. "Tikiti ndagula. Ndikunyamuka Lachitatu."

"Ibweze! Si zimene ukuganizazo. Ndi matenda a kumunda kuja, ndipo amachizika."

Ndinafotokoza zonse monga anandiuzira Raihana, pamaso pa onse, pakuti anayi mwa amuna a m'chipindamo ankayembekezera kupitanso kokakolola mu Seputembala. Ndinanena za nthaka yong'ambika, za kugona panja, za neti ya maso ang'onoang'ono yonyikidwa m'mankhwala, za malaya aatali manja dzuwa likamalowa. Nditamaliza, a Stafford anaseka mpaka kutsokomola.

"Ntchentche, sisita? Ife tinakulira m'ntchentche. Pa nyengo ya mango timadya nazo limodzi."

"Si ntchentche ya pa mango, a Stafford."

"Ine ndapita ma season atatu. Pa briefing amatiuza za njoka, za zinkhanira, za madzi akumwa. Za ntchentche, wala, sanatchulepo. Mukuganiza kuti kampani yonse ija singadziwe, mudziwe inu ndi mnzanu wa pa tiyi?"

"Nanga kutentha kuja, neti angagone nayo ndani?" anawonjezera wina ali pa bedi lam'mwamba, maso ali pa foni.

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaponya chitini cha mabisiketi chija pa zenera. Ndinawasiya, n'kugwada pafupi ndi mlongo wanga.

"Rashid, ndimvere ine. Amangotenga magazi pang'ono. Mankhwala ake ndi a dilipi, milungu yochepa chabe. Iwe uchira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwake ndinaona kuti akufuna kundikhulupirira, ndipo ndinaona kuti watsala pang'ono. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, kuti anzake asamve.

"Poyeza za kantchentche kanuko, sayezanso zinazo?"

Apa ndi pamene ndimabwerera usiku uliwonse ndikakhala ndekha. Bodza linali pakamwa penipeni. Ndikanangoti sayeza, tikanakwera takisi tsiku lomwelo. Koma ndinkadziwa kuti dokotala aliyense woganizira kala-azar amayezanso kachilombo, poti matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi. Ndinazengereza kamphindi, ndipo kamphindi kameneko kanayankha m'malo mwanga.

"Basi," anatero Rashid. "Ndikayezetsa kwathu. Zikakhala bwino ndibwerera, inshallah, mudzandipatse dilipi yanuyo."

"Kwathu sakawadziwa matenda amenewa! Choyezera chake pa chipatala cha kwathu palibe. Ukuthawa mankhwala, ukupita kumene kulibe!"

"Bola kukafera kwathu ndi dzina langa, kusiyana n'kuthamangitsidwa."

Ndinamutchula mayina amene sindingawabwereze pano. Ndinaopseza kuti nditenga pasipoti yake, iye n'kundikumbutsa kuti si mwana. Pomaliza ndinakhala pa sutikesi ija n'kulemba kalata ya masamba awiri yopita kwa dokotala aliyense amene adzamuone: dzina la matenda m'zilembo zazikulu, kumene anagwira ntchito, miyezi yake, nambala yanga ya foni. Anailandira ndi manja awiri mwaulemu, monga mmene munthu amalandirira mphatso imene sakuifuna.

Patapita masiku khumi iye atafika kwathu, ndikupereka mankhwala m'wodi, foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa mawu. Rashid ankafuula mosangalala, ngakhale mpweya unkamuthera pakati pa mawu.

"Achemwali! Ndilibe! Ayeza kawiri, ndilibe! Alhamdulillah!"

Ndinathamangira pakhonde n'kumuimbira.

"Ndasangalala, Rashid, Mulungu ndi wamkulu. Nanga kalata ija wawapatsa?"

"Malungo ndilibe, TB ndilibe, kachilombo ndilibe. Akuti ndi kuchepa magazi basi. Andipatsa mapilitsi owonjezera magazi ndi panado, akuti ndizidya chiwindi ndi bonongwe."

"Kalata, Rashid! Kalata ili kuti?"

"Ili m'sutikesi penapake. Inali ya chiyaninso, poti ndilibe?"

"Ukadali kudwala! Mawa lomwe ukwere basi upite kuchipatala chachikulu, ukawaonetse kalatayo!"

"Inu achemwali simukondwa ndi kalikonse. Ndipita ndikapezako mphamvu. Pano kwabwera anthu, tapha mbuzi ya sadaka. Ndikuimbirani."

Foni inaduka. Masiku otsatira ndinaimbira Warda, ndinaimbira amayi, ndinaimbira anzanga onse amene ndinaphunzira nawo unesi. Aliyense pakhomo paja ankandiyankha mofatsa, ngati munthu wopenga amene safunika kumuputa: mwana wayezedwa, alibe, musiyeni apume. Pamene anavomera kumukweza galimoto, milungu itatu inali itadutsa, ndipo sanathenso kukhala tsonga. Kuchipatalako sanabwereko wamoyo.

Tsiku la mbuzi lija, foni itangoduka, kunabwera chithunzi. Ndikadali nacho, ndipo pambuyo pake sipanabwerenso china. Rashid waima pabwalo la kwathu atavala mkanjo woyera wa pa Idi, umene ukulendewera m'mapewa koma wathina pamimba. Ndi dzanja lamanja wakweza m'mwamba kapepala ka kuchipatala kuti aliyense awerenge. Kumbuyo kwake kuli Warda, akumwetulira nayenso, manja ake onse awiri atalowa m'khwapa mwa mwamuna wake kuti asagwe. Rashid akuseka kukamwa konse, ndipo m'mphepete mwa mano ake muli magazi.